Mitambo yada ku Dzalanyama, kodi tidzale?

Pamsonkhano wa kalabu ya alimi ku Mitundu sabata yatha mafunso ambiri anali a zakumwamba, ndiye ndati ndiyankhe pano kuti ena amve nawo.

Agogo ena anati, "Alangizi, mwezi wazunguliridwa ndi mkombero, imeneyi si mvula?" Agogo, simunaphonye kwenikweni. Mkomberowo umaoneka kuwala kwa mwezi kukamadutsa m'mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, yomwe imakhala ndi timadzi toundana. Ndiye kuti kumwambako kuli chinyezi. Pena mvula imatsatiradi, pena mitamboyo imangodutsa. Koma zoti mwezi wopendekeka ukukhuthula madzi, izo ndakana. Mwezi womwe mukuuona ku Mitundu ndi womwewo akuuona ku Nsanje, chonsecho kagwedwe ka mvula n'kosiyana.

Ine ndimadalira mphepo kuposa mwezi. Usiku kukamatentha mpaka tulo kusowa, mphepo n'kutembenuka kuyamba kuchokera kumpoto chakumadzulo, umenewo ndi mpweya wachinyezi wochokera ku Congo, womwe umatibweretsera mvula yochuluka kuno.

Funso londivuta linachokera kwa mayi wina: "Ku Dzalanyama kwada bii, mabingu akugunda, dzulo yagwa. Ndidzale?" Mayi, taonani kaye mwezi womwe tili. Mvula ya mu Okutobala ndi chizimalupsa, ntchito yake ndi kuzima lupsa basi. Imanyowetsa pamwamba pokha, chimanga chimamera, dzuwa n'kuchiwotcha, ndalama za mbewu zapita. Kuno ku Lilongwe mvula yodzalira imayamba kawirikawiri kuyambira pakati pa Novembala kukafika mu Disembala, ndipo timafuna igwe mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu. Choyezera mulibe, ndikudziwa. Tengani khasu mukumbe pamzere. Chinyezi chikalowa kuya kwa dzanja lonse, dothi n'kumagwirana mukalifumbata, dzalani tsiku lomwelo, phando limodzi njere imodzi, masentimita 25 kutalikirana kwake.

Makolo athu ankapita ku Msinja kwa Makewana kukapempha mvula, poti ankadziwa kuti mitambo imanama. Tinazionanso mu 2024, chaka cha El Niño: ng'amba inapsereza chimanga chili m'munda, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ulosi wa nthambi yoona zanyengo umatuluka dzinja lisanayambe, muziumvera pawailesi. Akanena kuti mvula ichepa, sankhani mbewu yocha msanga ndipo mupange ngonyeka (timizere topingasa tosunga madzi) m'mizere.

Mnyamata wina anafunsa ngati utawaleza umaletsa mvula: suletsa mvula ayi, ndi dzuwa chabe likuwala pamadontho, n'chifukwa chake umaoneka mbali yomwe kulibe dzuwa. Chowopa ndi mphenzi. Ziphaliwali zikayamba muli kumunda, siyani khasu mukalowe m'nyumba, ndipo pansi pa mtengo wa mango musausepo.