Mwana wanga akuti kuyang'ana zithunzi pa Facebook ndi kafukufuku wa sukulu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Senga Bay, m'boma la Salima. Ndaifupikitsa, koma mtima wake ndi uwu: "Mwana wanga wamkazi ali chaka chomaliza ku yunivesite. Wabwera kunyumba ati kudzachita kafukufuku, koma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ali pakhonde ndi foni, kuyang'ana zithunzi za anthu osamba m'nyanja ndi kuwerenga makomenti. Akuti akufuna adziwe mmene anthu amaonera malo opumulirako a m'tauni. Bandulo ndikugula ndine, fizi ndinachita kugulitsa mpunga. Kodi imeneyi ndi sukulu? Idzam'patsa ntchito yanji? Mng'ono wake ali Fomu 3, nayenso akuti akufuna zomwezi."

Bambo, moni kunyanjako. Mtima m'malo, mwanayo sakukupusitsani. Kafukufuku wotere alipodi ndipo akuchitika m'mayunivesite ambiri. Koma diso lanu laonanso bwino. Akamaliza ntchito yonse ali pakhondepo, osapondako mchenga wa padoko, pepala lake lidzayenda chotsimphina.

Nkhaniyi inayamba chonchi. Oyang'anira mapaki amafuna kudziwa kuti kumabwera anthu angati, amabwera liti, nanga chimawakoka n'chiyani. Pamene pali geti ndi matikiti sizivuta, umangowerenga malisiti. Nanga paki ya m'tauni imene munthu amalowera paliponse? Kuimika anthu ndi makope chaka chathunthu kumadya ndalama. Ndiye akatswiri ena ku America anati, popeza anthu akapita kokayenda amajambula zithunzi n'kuziika pa intaneti, ndipo foni imasunga malo ndi tsiku limene chithunzi chajambulidwa, bwanji osawerenga zithunzizo? Mu 2013 anatulutsa zimene anapeza pa malo 836 a m'maiko osiyanasiyana, pogwiritsa ntchito tsamba la zithunzi la Flickr. Kumene zithunzi zinachuluka kunali komwenso mabuku a pageti ankaonetsa alendo ambiri. Panali kakuchenjera kena kamene ine ndimakakonda: munthu mmodzi akajambula zithunzi 40 pamalo amodzi tsiku limodzi, ankamuwerenga kamodzi basi. Kupanda kutero, mtsikana mmodzi wokonda kudzijambula akanaoneka ngati basi yodzaza.

Ena anasiya zithunzi n'kuyamba kuwerenga mawu. Mu 2019 a ku yunivesite ya Vermont anasanthula mauthenga a pa Twitter amene anthu analemba ali m'mapaki a mzinda wa San Francisco, n'kuwayerekeza ndi amene anthu omwewo analemba asanalowemo. Munthu akakhala m'paki mawu ake ankakhala achimwemwe, odandaula ankachepa, ndipo mapaki aakulu a mitengo yambiri ndiwo ankatsitsimula mtima kuposa timabwalo ta simenti.

Mufunsa kuti za ku San Francisco zitithandiza chiyani ife. Malo opanda nyumba m'tauni ali ngati mbuzi yopanda mwini, aliyense amaiyang'ana ndi diso la ndiwo. Wina akufuna puloti, wina malo omwetsera mafuta. Khonsolo ikakhala pansi, wofuna pulotiyo amabwera ndi ndalama zowerengeka, pamene bwalo limene ana amakankhiramo mpira wachikulunga lilibe wolilankhulira. Njamba ku Blantyre, nkhalango ya Nature Sanctuary m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa Lilongwe, munda wa mitengo ndi maluwa wa ku Zomba, malo onsewa amafunika munthu wotha kuima pamaso pa makhansala ndi umboni wakuti anthu amawagwiritsa ntchito. Mwana wanu akuphunzira kusonkhanitsa umboni umenewo.

Tsono apa m'pamene pali minga. Kwanu kuno paki yaikulu ndi nyanja, ndipo inu mukuidziwa kuposa mwanayo. Tangoganizani Lachiwiri wamba m'bandakucha. Mabwato a chilimira akukocheza, nyali zazimitsidwa, alovi atopa ndi usiku wonse. Amayi a geni aima m'madzi mpaka m'mawondo ndi mabeseni awo, kulimbirana mtengo wa usipa. Pambali wina akuyanika pathandala, wina akuchapa, wina akutsuka miphika, ana akusambira asanathamangire kusukulu. Anthu mazanamazana, ndipo moyo wawo wonse uli pagombe limenelo. Ndi angati mwa iwo amene adzatulutse foni, kudzijambula, n'kulemba kuti ali pa Senga Bay? Wa foni ya mabatani sangathe, wa foni yaikulu akusunga bandulo, ndipo palibe amene amajambula malo amene amapondapo tsiku ndi tsiku. Ndiye bwerani pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, maminibasi atakhuthula anthu a ku Lilongwe. Tsiku limodzi limenelo likhoza kubala zithunzi zambiri kuposa miyezi ingapo ya asodzi.

Wongowerenga za pafoni adzalemba kuti gombe la Senga Bay ndi la alendo a kumapeto kwa sabata, amene amakonda mchenga woyera ndi nyimbo, n'kumadandaula fungo la nsomba. Pepala lotere likafika m'manja mwa wokonza mapulani amene sanagonepo ku Salima, mathandala aja ndi amene angayambe kuchotsedwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi okhala m'matauni ndi 16 okha pa 100 alionse, ndipo mawu ambiri a pamasamba a mchezo amachokera kwa ochepa omwewo. Foni sinama, koma imangonena za amene ali nayo m'manja.

Mundilole ndilankhule ndi mwini wakeyo, mum'patse awerenge.

Chemwali, mutu wasankhawu ndi wabwino, koma dziwa kuti njira imene anadutsa akatswiri a ku America aja inatsekeka mbali zambiri. Twitter, imene tsopano ndi X, inasiya kupereka mauthenga ake mwaulere kwa ochita kafukufuku mu 2023. Meta, kampani ya Facebook, inatseka CrowdTangle, chida chimene ambiri ankaonera za pa Facebook ndi Instagram, mu Ogasiti 2024. WhatsApp, kumene kuli macheza enieni a Amalawi, ndi yotseka, sungaone za gulu limene iwe mulibe. Flickr ukaidalira upeza makamaka zithunzi za azungu odzaona nyanja. Chokutsalira ndi kutola ndi manja: ndemanga za pa Google Maps, masamba a Facebook oonekera kwa aliyense, ndi mavidiyo a TikTok amene atchula malowo. N'zotopetsa, koma kwa digiri yoyamba n'zokwana, bola ulembe momveka kuti unasaka ndi mawu ati, kuyambira liti mpaka liti, ndipo unasiya ziti.

Usamangosunga masikirinishoti. Wophunzira wina amene ndinkamulangiza anaunjika mazana a zithunzi m'foni miyezi iwiri, foniyo n'kubedwa padepoti, kafukufuku n'kuyambiranso. Tsegula tebulo mu Excel. Mzere uliwonse ukhale uthenga umodzi: tsiku, malo, chinenero, chimene munthuyo akuchita, chimene wayamika, chimene wadandaula. Madzulo alionse tumiza kope lake ku imelo yako.

Pa nkhani ya chinenero samala zedi. Mapulogalamu oyeza ngati uthenga ndi wachimwemwe kapena wodandaula anaphunzitsidwa kwambiri ndi Chingerezi, ndipo Chichewa chathu chosakaniza chimawasokoneza. Mnyamata akalemba kuti "dzulo kunyanja kunali moto, zoopsa zedi", makina aona moto ndi zoopsa, alemba kuti kunagwa ngozi, pamene mwini wake akunena kuti anasangalala kotheratu. Mayi wina akalemba kuti "koma ndiye mwakonzatu, mabotolo ali mbwee ngati maluwa", makina aona kukonza ndi maluwa, alemba kuti wayamika. Werenga wekha. Kenaka patsa mnzako gawo lina la mauthengawo awagawe m'magulu, monga oyamika ndi odandaula, payekha osaona zako, muone ngati mukugwirizana. Pamene mwasiyana m'pamene pali pofunika kukonza magulu ako.

Ukatero nyamuka. Sankha malo awiri kapena atatu, mwina gombe limodzi, bwalo la mpira limodzi paboma, ndi pamthunzi pamene akuluakulu amaseweramo bawo. Pita pa maola ofanana masiku osiyanasiyana, m'mamawa, masana ndi chakumadzulo, pakati pa sabata ndi Loweruka, uwerenge anthu ndi zimene akuchita. Mafunso ako uike mu KoboToolbox, pulogalamu yotolera mayankho pafoni, imagwira ntchito popanda netiweki, imakatumiza ukapeza intaneti. Funso limodzi usaliiwale: "Munaikapo chithunzi cha malo ano pa intaneti?" Yankho la funso limenelo ndilo lidzaonetse kukula kwa dzenje limene foni yasiya, ndipo kwa ine pamenepo m'pamene pali nyama ya pepala lako. Ufunsenso za madzi a nyanja amene anakwera kwambiri mu 2024 n'kumiza magombe ndi malo ogona alendo. Alendo analemba zambiri za mchenga umene unasowa. Amene anasowa poyanika usipa uyenera kukawamva ndi khutu.

Usanayambe zonsezi, fomu yako idutse kukomiti yoona za chilungamo pa kafukufuku ya pasukulu yako, ndipo kalata yochokera kumeneko ukaionetse kukhonsolo, kwa amfumu ndi kukomiti ya padoko, ija amati BVC. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, woliyang'anira ndi MACRA. Chithunzi kukhala poyera sikuti chasanduka chako. Maina achotse, nkhope za anthu zisalowe m'pepala lako, za ana ndiye usayerekeze n'komwe, ndipo usalowe m'gulu lotseka ndi dzina labodza. Ngakhale mawu a munthu usawakopere ndendende, chifukwa wina akawalemba posakira pa Facebook mwini wake apezeka.

Tibwerere kwa inu, bambo, pa za ntchito. Sindikunamizani, simudzaona m'nyuzipepala akufuna munthu woyang'ana zithunzi za m'mapaki. Ntchito zikusowa, ndipo a madigiri ambiri akhalapo zaka pakhomo. Chimene chidzam'gulitse ndi luso limene akutola m'njiramu: kujambula mapu pakompyuta, kumene amati GIS, kukonza mafunso, kusanja manambala ndi kulemba lipoti lomveka. Anthu otere amafunika m'makhonsolo, ku unduna wa za malo, ku National Statistical Office ku Zomba, ku nthambi ya za nkhalango ndi nyama zakutchire, m'mabungwe omwe si a boma amene amalemba anthu olondoloza mmene mapulojekiti akuyendera, ngakhalenso m'mabanki ndi m'makampani a mafoni. Pafupi nanu pomwepa, bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks lakhala likuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Zina mwa njovuzo zinavekedwa makolala oonetsa kumene zili, ndipo pamakhala munthu pakompyuta wowerenga madontho amenewo. Kulondola njovu pamapu ndi kulondola zithunzi za alendo pamapu, dzanja lake ndi limodzi. Aphunzire QGIS, pulogalamu yojambulira mapu pakompyuta, ndi yaulere, ndipo pomaliza sukulu akhale ndi mapu amodzi ojambula yekha oti akatambasule patebulo tsiku la intavyu.

Wa Fomu 3 uja asathamangire foni. Agwire Masamu, Jogalafe ndi Chingerezi, osataya masayansi, ndi Computer Studies ngati pasukulu pake ilipo. Kuti alowe mpikisano wa mayunivesite a boma kudzera ku NCHE afunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a mapu ndi manambala amayang'anitsitsa Masamu. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri ya Geo-Information and Earth Observation Science. MUBAS ndi yunivesite ya Mzuzu zimaphunzitsa kuyeza malo ndi kukonza matauni, ndipo ku Mzuzu kulinso za kukopa alendo. LUANAR ili ndi za nkhalango ndi zachilengedwe, UNIMA ku Zomba ili ndi jogalafe, sitatisitikisi ndi za makompyuta. Mapointi akapanda kufika, koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza ndi khomo linanso labwino. Chaka chake chikadzakwana, mudzawerenge naye limodzi chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho musanadzaze fomu, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zake.

Za bandulo, musakane, koma musamangopereka. Madzulo ano muuzeni akuonetseni tebulo lake. Ngati lilipo, mudzaona mizere ya masiku ndi malo, ndipo adzatha kukuuzani kuti lero walowetsa mauthenga angati. Akayamba kuzungulira ndi Chingerezi chambiri tebulo osaoneka, muimbire limodzi mphunzitsi womuyang'anira.

Ndipo pali chimodzi chimene aphunzitsi ake sangam'patse koma inu. Padoko amakudziwani. Mwana wa ku yunivesite akangotulukira yekha ndi mafomu, amayi a usipa adzayesa kalembera wa thandizo, n'kumuyankha zimene akuganiza kuti akufuna kumva. Mudzukire naye Lachiwiri likubwerali mabwato asanakocheze, mukamuonetse kwa apampando a BVC ndi kwa amfumu, munene kuti uyu ndi mwana wanga, kenaka mum'siye. Atenge kope ndi pensulo, chifukwa bolopeni salemba papepala lonyowa, foniyo aikulunge m'jumbo.