Sola tili nayo, nanga bwanji madzulo magetsi akuthimabe?

Achimwene ena a ku Mchinji anditumizira imelo, funso lawo mwachidule ndi lakuti dzuwa ndi laulere ndipo kwathu kuno ndi lambiri, bwanji boma osangoitana makampani kuti ayale mapanelo a sola paliponse, nkhani ya kuthimathima kwa magetsi ithere pomwepo.

Achimwene, mapanelo akufunikadi ambiri, apo sindikutsutsani, koma pomwe pali nkhani ndi kagulidwe ka magetsiwo. Magetsi sasungika mu nthambo, omwe akupangidwa mphindi ino akuyenera kufanana ndi omwe anthu akugwiritsa ntchito mphindi yomweyino, zikasiyana kwambiri liwiro lomwe magetsi amagundira mu nthambo, lomwe liyenera kukhala pa 50 hertz, limatsika kapena kukwera, makina nkuyamba kudzizimitsa okha, mapeto ake dziko lonse mdima bii. Ndiye taganizani, sola ya kampani ya JCM ku Salima yomwe inayamba 2021 ndi ya mamegawati 60, pa gridi (nthambo zonse zogawa magetsi m'dziko) yaing'ono ngati yathuyi chimenecho ndi chigawo chachikulu ndithu, mtambo ukangophimba dzuwa pamenepo pakufunika wina woti atseke dzenjelo nthawi yomweyo. Komanso ife magetsi timawafuna kwambiri madzulo, anthu aweruka, akuphika, ayatsa mababu ndi ma TV, nthawi yomwe dzuwalo lalowa kale.

Kuyambira 2017 ntchito inagawidwa, EGENCO ndi makampani ena amapanga magetsi, ESCOM imagula nkugulitsa kwa ife, MERA ndiyo imavomereza mitengo. Mapangano a sola nthawi zambiri amakhala a zaka 20 ndipo kampani imalipidwa pa yuniti iliyonse yomwe yapereka, kaya ndi 12 koloko masana kaya ndi nthawi ina. Zimenezi zinathandiza kuti mabanki alole kubwereketsa ndalama, nzoona, koma tikangopitiriza choncho basi tidzakhala ndi magetsi osefukira masana, madzulo tikuyatsa majenereta a dizilo okwera mtengo ngati tinkachitira ndi a kampani ya Aggreko aja kuyambira 2018. Inu a ku Mchinji mukudziwa kuti thumba la chimanga mu Meyi ndi thumba lomwelo mu Febuluwale mtengo wake si umodzi, ndipo amene anasunga amalipidwa kusungako. Msika wa magetsi ukuyenera kuzindikira zomwezo, yuniti ya 6 koloko madzulo igulidwe modula kuposa ya masana, ndiye mwini sola adzaona yekha kuti kuika mabatire kuli ndi phindu, osachita kumukakamiza.

Ku Golomoti anayamba kale, sola ya mamegawati 20 ili ndi batire ya mamegawati 5 yotha kupereka mphamvu imeneyo kwa maola awiri. Yaing'ono inde, koma ntchito yake yaikulu ndi kusalaza kugwedera kwa mitambo kuja, ndipo ine ndikuona kuti ntchito imeneyi izilipidwa payokha, poyera, ndi mtengo wodziwika kuti aliyense athe kupikisana. Chimodzimodzi makina a pa Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Akachepetsa kupanga masana kuti sola idutse nkudzatsegula madzulo akugwira ntchito yofunika kwambiri, ndiye ngati malipiro ali pa mayuniti okha ndiye kuti tikuwalanga chifukwa chothandiza. Madamu ake ndi aang'ono, sasunga madzi ochuluka, nchifukwa chake pulojekiti ya damu latsopano la Mpatamanga pa Shire pomwepo, ya mamegawati oposa 300, inakonzedwa kuti izidzapanga magetsi kwambiri nthawi yomwe anthu akufuna magetsi ambiri. Komabe tisaiwale Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira tinataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, mtsinje umodzi siungakhale chodalira chathu chonse.

Nthambo ya 400 kV yochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka ndiyo khomo lathu lolowera mu Southern African Power Pool, komwe mayiko amagulitsana magetsi a mawa lero, ola lililonse ndi mtengo wake. Kumeneko sola yotsala masana itha kugulitsidwa, madzulo ife nkugula, kungoti kugulako kumafuna foleksi, ndipo inu mukudziwa mmene foleksi imavutira.

Mbali yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ife ogula. Mafakitale akuluakulu ali kale ndi mitengo yosiyana malinga ndi nthawi, koma wachigayo, wowotcherera zitsulo, mlimi wopopa madzi mu sikimu, amenewa atapatsidwa mtengo wotsika masana atha kusuntha ntchito yawo mosavuta. Pakufunika mamita odziwa nthawi, komanso MERA iteteze banja losauka lomwe limangoyatsa mababu awiri madzulo, chifukwa iwowo alibe ntchito yoti nkusunthira masana.