Yambani ndi The Expanse, Dune idzabwera pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti muyambe ndi iti pakati pa Dune ndi The Expanse, masewera a patebulo ochokera m'mabuku amene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani n'kumaponya madayisi, poti anzanu anayi amene mukufuna kusewera nawo sanawerengepo mabukuwo. Ine ndikuti tengani The Expanse, ndipo musawakakamize kuwerenga kaye.

Nkhani imeneyi inabadwira patebulo pomwepo. Ty Franck ankayendetsa masewera m'dziko limeneli buku lisanalembedwe n'komwe, Daniel Abraham anali mmodzi mwa osewera, kenako awiriwa anagwirizana zolemba limodzi pa dzina loti James S. A. Corey. Leviathan Wakes inatuluka mu 2011, mabuku n'kufika 9. Ndiye pamene a kampani ya Green Ronin anatulutsa masewerawa mu 2019, zinali ngati mwana wabwerera kwawo. Dziko lake mutha kuwafotokozera anzanu madzi a tiyi asanawire: kuli anthu a pa Dziko Lapansi, kuli a ku Mars, ndiye kuli ma Belter okhala kumiyala ya m'mlengalenga, amene amagwira ntchito yakalavulagaga koma madzi ndi mpweya amachita kugula. Munthu aliyense amamva msanga kuti woponderezedwa ndani.

Madayisi ake ndi atatu a mbali 6, a ludo omwewa, bola imodzi ikhale ya mtundu wina chifukwa ndiyo Drama Die. Mukaponya n'kupambana, awiri n'kufanana, mumapeza mapointi ochitira chinthu chapadera malinga ndi nambala ya dayisi yosiyanayo. Apa m'pamene tebulo limaphulika ndi phokoso.

Dune ndimaikonda kwambiri, musandimve molakwa. A kampani ya Modiphius anaitulutsa mu 2021 kuchokera ku mabuku a Frank Herbert, ndipo ili ndi chinthu chokoma: poponya simuwerengera luso lokha, mumaphatikizanso chimene chikumukankha munthu wanuyo mumtima, kaya ndi udindo, chikhulupiriro, chilungamo, mphamvu kapena choonadi. Koma musanayambe mumamanga kaye banja lanu lachifumu, ndipo amene sadziwa Bene Gesserit, Mentat kapena chifukwa chimene aliyense akulimbirana Arrakis amangokhala kukamwa yasa. Imafunanso madayisi a mbali 20, amene simungangowatola mugolosale.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musabwereze nkhani ya m'buku. Ine ndinalakwitsa pamenepa. Ndinkafuna anzanga aone zonse zimene zinandisangalatsa powerenga, moti ndinkawakokera kumene buku linapita, iwo n'kumangoonerera. Mmodzi anayamba kuseweretsa foni, sabata yotsatira sanabwere.

Titayambiranso ndinawaika pa Ceres, mwala waukulu wa m'mlengalenga kumene kumakhala ma Belter, m'kachigawo kamene madzi akhala akuchepa kwa masiku 6, ndipo iwo ndi amakaniko amene atumidwa kukaona paipi. Anapeza kuti wina akupatutsa madziwo n'kumagulitsa, koma wopatutsayo akumwetsanso ana amasiye 12. Mlongo wina amene sanatsegulepo buku lililonse la Corey anagwira madayisi m'manja nthawi yaitali osaponya, akukangana ndi anzake ngati akamunenere munthuyo kapena ayi. Tinasiya cha m'ma 11 usiku mkangano usanathe.

Apatseni chombo chawochawo, ngongole yawo ndi mdani wawo. Holden, mwini nkhani wa m'mabukuwo, ndi chombo chake Rocinante azingomveka pa nkhani za pawailesi. Pali kabuku koyambira kaulere ka PDF kamene a Green Ronin anatulutsa, kali ndi anthu opangidwa kale, ndiye Loweruka likubwerali mutha kuyamba.