Timadontho toyera pa penti ya galimoto: tichoka bwanji?

Owerenga wina wa ku Lilongwe wandilembera pa imelo. Akuti galimoto yawo yakuda yadzaza timadontho toyera pa boneti ndi padenga, atsuka ndi sopo koma sitikuchoka. Amatsukira madzi a pa mjigo, kawirikawiri masana dzuwa lili pamutu. Akufunsa ngati penti yawonongekeratu.

Achimwene, musataye mtima msanga. Madzi a pa mjigo amadutsa m'miyala pansi pa nthaka n'kutenga mchere wa calcium ndi magnesium. Dontho likauma pa boneti yotentha, madzi amapita koma mcherewo umatsala, chimodzimodzi zoyera zija zimakanirira mkati mwa ketulo. Sopo sasungunula mchere umenewu, n'chifukwa chake mukungodzitopetsa. Chomwe chimausungunula ndi asidi wofooka, ndipo viniga woyera wa m'sitolo amakwanira.

Sakanizani viniga ndi madzi a distilled muyezo wofanana. Madziwa ndi aja othira mu batire, koma werengani botolo bwinobwino, musatenge asidi wa batire. Galimoto ikhale pamthunzi, penti itazizira, ndipo muyambe mwaitsuka kuti mchenga usakande. Nyowetsani kansalu kofewa ka mtundu wa microfibre, kayaleni pamadonthopo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osalola kuti paume. Kenako tsukuluzani ndi madzi ambiri n'kupukuta. Yambirani pa kamalo kobisika kuti muone kaye mmene penti yanu ikuchitira.

Tsono apa ndi pomwe nkhani yagona. Mukapukuta, yang'anani pentiyo cham'mbali pomwe kuwala kukugunda. Ngati zoyera zachoka koma patsala timizere tozungulira tooneka tolowa mkati, ndiye kuti mcherewo unakhalitsa padzuwa mpaka kudya clear coat, kanthu koonekera mkati kamene kamakuta mtundu wa galimoto. Pamenepo viniga sathandizanso, ngakhale mutathira botolo lonse. Pamafunika polishi, yomwe imapala pang'ono pamwamba kuti pasalale. Clear coat ndi yopyapyala kuposa pepala, ndipo ikatha sibwereranso, kumangotsala kupopera penti ina. Choncho yambani ndi polishi yosalala kwambiri, ndi manja, kamalo kakang'ono. Madontho akakhala ozama, pitani kwa munthu wodziwa kugwiritsa ntchito makina opolishira. Ndikupempheni ndithu: waya wokwechera mapoto, phulusa ndi ufa wotsukira m'bafa zisayandikire galimoto yanu. Pa penti yakuda zikande zake zimaonekera patali.

Pali zina zomwe zimamatirira pa penti zosakhudzana ndi madzi. Mukatsuka, vekani dzanja jumbo yopyapyala n'kusisita boneti pang'onopang'ono. Mukamva kukhakhala, ndi fumbi la chitsulo lochokera ku mabuleki, phula la mumsewu kapena utomoni wa mitengo. Izi zimachoka ndi clay bar, kachibulumwa kofewa ngati dongo kosisitira penti, koma muzinyowetsa pamalopo ndi madzi a sopo wa galimoto kuti izitsetsereka, ndipo ikagwa pansi itayeni, yatola mchenga. Phula lokakamira lili ndi mankhwala akeake olichotsera. Zitosi za mbalame zokha musazigoneke, zimadya penti mofulumira kukatentha. Ziyalireni kansalu konyowa kuti zifewe, kenako muzinyamule osakhula.

Viniga ndi clay bar zimachotsanso wax, mankhwala opaka oteteza ndi kuwalitsa penti, ndiye mukamaliza pakani wina, apo ayi penti ikhala pamtetete.

Madzi a pa mjigo mutha kupitiriza kutsukira, bola musinthe nthawi. Tsukani m'mawa kapena madzulo, makamaka miyezi yotentha ngati Okutobala, ndipo muziyamba denga, kutsukuluza n'kupukuta pompo musanapite pa boneti ndi zitseko. Mukapereka galimoto kwa anyamata otsuka, auzeni kuti aipukute isanaume yokha.