Kuyendetsa masolenoidi asanu ndi atatu ndi Arduino imodzi

Achimwene, mwafunsa momwe mungalumikizire masolenoidi (zipangizo zimene zimakoka kachitsulo ndi maginito zikalandira magetsi) asanu ndi atatu a 12 V ku Arduino Uno, bolodi yaing'ono yolamulira zipangizo potsatira pulogalamu, kuti iliyonse izigwira ntchito pa nthawi imene mwailembera mu pulogalamu, ndipo mwatinso mutayesa ndi imodzi yokha, bolodi inkazima n'kuyambiranso nthawi zonse solenoidi ikamasula. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, vuto silili mu pulogalamu, lili ku mbali ya magetsi, choncho ndikhalitsa kumeneko.

Pini iliyonse ya ATmega328P, chipu chimene chili pa Uno, imatulutsa 5 V ndipo imayenera kupereka 20 mA basi, pomwe 40 mA ndi malire amene mukawadutsa chipucho chimawonongeka. Tengani multimita muyeze koyilo ya solenoidi yanu, waya wokulungidwa umene uli mkati mwake, isanalumikizidwe kulikonse. Mukapeza maohm 20, ndiye kuti pa 12 V imakoka 0.6 A, kuchulukitsa ka 30 zimene pini ingapereke. Ntchito ya Arduino ndi kulamula chabe, ndipo magetsi oyendetsa koyilo ayenera kuchokera ku pawa sapulayi yawoyawo kudzera pa chipangizo chimene chimagwira ntchito ngati swichi.

Swichi imene ndimaikhulupirira pa ntchito yotereyi ndi MOSFET ya mtundu wa N imene imatseguka mokwanira ndi 5 V, monga IRLZ44N, imodzi pa solenoidi iliyonse. MOSFET ili ndi miyendo itatu: geti imene imalandira lamulo, komanso drain ndi source zimene magetsi amadutsamo. Samalani pogula, chifukwa IRF520 ndi IRF540, ngakhale mayina ake akufanana ndi imeneyi, zimafuna pafupifupi 10 V pa geti kuti zitseguke bwino, ndipo mukazipatsa 5 V zimatseguka mopereŵera n'kumatentha. Waya mmodzi wa solenoidi apite ku 12 V, wina ku drain, source ipite ku GND (mbali ya negativi, ya 0 V), ndipo geti ilandire lamulo kuchokera ku pini kudzera pa resisita ya maohm 100 mpaka 220. Muikenso resisita ya maohm 10,000 (10 k) pakati pa geti ndi GND. Imeneyi anthu ambiri amaiiwala, komatu ndi imene imaletsa masolenoidi kudzigwirira okha ntchito pa kanthawi kamene Arduino ikudzuka, mapini asanauzidwe chochita.

Tsopano tifike pa chimene chikuzimitsa bolodi yanu. Koyilo ikamadutsamo magetsi imasunga mphamvu mu maginito amene yapanga, ndipo chikhalidwe chake n'chakuti imakana kuti magetsiwo asiye kuyenda mwadzidzidzi. Izi zimachokera pa zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831 komanso lamulo limene Heinrich Lenz anafotokoza mu 1834. Mukadula magetsi kamodzin'kamodzi, maginito aja amagwa, koyilo imabweza mavoti ochuluka kwambiri kuposa 12 V aja, ndipo mphamvuyo imafunafuna podutsa: imaboola MOSFET, kapena imasokoneza mawaya oyandikana nawo mpaka chipu chimayambiranso. Mankhwala ake ndi dayodi (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) yolumikizidwa kumapeto onse awiri a koyilo, mbali yokhala ndi kamzere ikuloza ku 12 V. Dayodi ya 1N4007 imapirira 1 A ndipo ikukwanirani. Iikeni pafupi kwambiri ndi solenoidi, makamaka ngati mawaya ndi aatali, ndipo muonetsetse kawiri kuti sinatembenuke, chifukwa yotembenuka imapanga shoti MOSFET ikangotseguka.

Dayodiyi ili ndi kuipa kwake kumodzi: imachedwetsa solenoidi kumasula, popeza magetsi amapitiriza kuzungulira mu koyilo mpaka atatheratu. Pa mavavu a madzi kapena maloko, kuchedwa kwa mamilisekondi ochepa sikudetsa nkhawa. Koma ngati masolenoidi anu ayenera kugunda mofulumira motsatizana, onjezani dayodi ya Zener (imene imalola magetsi kudutsa chobwerera mavoti akafika pa mlingo wake) pamzere umodzi ndi 1N4007, yoloza kwina, kuti mphamvu ithe msanga, bola mavoti onse pamodzi asapitirire 55 V imene IRLZ44N imapirira.

Ena akuuzani kuti mungogula ULN2803A, chipu chokhala ndi njira zisanu ndi zitatu ndi madayodi ake omwe mkati. Ndi chabwino pa masolenoidi ang'onoang'ono, koma njira iliyonse imalekera pa 500 mA, ndipo njira zonse zikamagwira ntchito limodzi chimatentha chisanafike n'komwe pamenepo. Pa koyilo ya 0.6 A sindingachilimbikitse. Marilei, omwe ndi maswichi a timapanda tachitsulo okokedwa ndi maginito, nawo amatheka, kungoti amachedwa, amatha ndi kuthetheka kwa moto, ndipo dayodi imafunikabe pa solenoidi.

Pawa sapulayi muiwerengere ngati kuti onse asanu ndi atatu akoka nthawi imodzi. Pa chitsanzo chathu ndi 4.8 A, ndiye sankhani ya 12 V yopereka 6 A kapena kuposapo, muike fyuzi potulukira, ndi kapasita ya 1000 µF pafupi ndi ma MOSFET. GND ya Arduino ndi ya pawa sapulayi zikumane, apo ayi geti siizindikira lamulo, koma zikumane pamalo amodzi okha, kuti magetsi obwerera kuchokera ku makoyilo asadutse pa bolodi ya Arduino.

Mapini 14 a Uno akukwanirani, kungopewa 0 ndi 1 amene amagwira ntchito ndi USB. Mukadzafuna kuwonjezera, chipu cha 74HC595 chimapereka njira zisanu ndi zitatu pogwiritsa ntchito mapini atatu okha, ndipo cha MCP23017 chimapereka 16 pa mawaya awiri a I2C, njira imene zipu zimalankhulirana.

Pa pulogalamu ndikupemphani chinthu chimodzi: musagwiritse ntchito delay, lamulo louza pulogalamu kudikira, chifukwa imaimitsa chipu chonse, moti solenoidi imodzi ikamadikira, zinazo sizingalamulidwe. Lembani tebulo losunga pini ya iliyonse, nthawi yoyambira ndi kutalika kwa nthawi yogwira, kenaka loop (gawo la pulogalamu lobwerezabwereza) izingoyerekeza ndi millis, imene imawerenga mamilisekondi kuchokera pamene bolodi inayaka. Poyerekezapo muzichotsera nthawi yoyambira ku nthawi yatsopano, kuti zisasokonekere millis ikabwerera pa ziro pakatha masiku pafupifupi 50. Ndi bwinonso kusiyanitsa kuyaka kwa masolenoidi ndi mamilisekondi 50 kapena 100, ndiponso kuika malire a nthawi imene iliyonse ingakhale yoyaka, chifukwa koyilo ya 0.6 A pa 12 V imatulutsa kutentha kwa mawati 7.2, ndipo masolenoidi ambiri sanapangidwe kuti azikhala oyaka kosalekeza. Solenoidi imafuna mphamvu zambiri pokoka kusiyana ndi pogwirizira, choncho mutha kuipatsa magetsi onse poyamba, kenaka n'kuwachepetsa ndi PWM, njira yoyatsa n'kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri. Magetsi odutsa akatsika ndi theka, kutentha kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Dziwani chabe kuti Uno ili ndi mapini asanu ndi imodzi okha a PWM, omwe ndi 3, 5, 6, 9, 10 ndi 11.

Mangani njira imodzi kaye, muiyese kwa ola lathunthu mukukhudza MOSFET ndi koyilo kuti mumve kutentha kwake, ndiyeno mubwereze kasanu ndi kawiri. Mukatiuza maohm amene mwapeza pa koyilo ndi kutalika kwa mawaya anu, tidzathandizana kusankha fyuzi ndi kukula kwa waya.