Kuyankha azakhali za makutu a msuweni

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu uja. Mwati msuweni wanga makutu onse awiri atsekeka, sakugona ndi ululu, amutsuka ndi madzi kawiri koma palibe chasintha, kungotuluka tinthu toyera ngati makoko a anyezi. Ndiye mukufunsa ngati mupitirize kumuthira mafuta. Ayi, imani kaye. Ndiyankha pagulu pompano kuti enanso amve nawo.

Toyerato si phula. Phula limakhala labulauni kapena lakuda, ndipo kawirikawiri silimulanda munthu tulo. Toyerato ndi khungu lakufa. Njira ya khutu la munthu wamkulu ndi yaitali pafupifupi masentimita 2.5. Chakunja kuno ndi kofewa, kuli ubweya, ndipo n'kumene phula limapangidwa. Mkatimo ndi fupa lokutidwa ndi kakhungu kopyapyala. Kakhungu kameneko kamayenda kokha, kuchokera pa ng'oma ya khutu kumabwera kunja, pang'onopang'ono ngati mmene chikhadabo chimakulira, n'kumasesa zinyalala. Ndiye kwa anthu ena ulendo umenewu umasokonekera. Khungu likafunduka silituluka, limangosanjikizana, lina pamwamba pa linzake, mpaka kukhala chimbulu cholimba. Chimene chadzaza mmenemo amati keratin, yomweyo ya mu tsitsi ndi m'zikhadabo, ndipo matendawa dzina lake ndi keratosis obturans.

Amakonda achinyamata, osafika zaka 40, ndipo nthawi zambiri amagwira makutu onse awiri. Ululu wake ndi woopsa chifukwa chimbulucho chimakankha fupa mbali zonse, mpaka njirayo imakula. Ena amakhalanso ndi chimfine chosatha cha m'mphuno kapena chifuwa cha makhololo cha nthawi yaitali, ndiye ngati mnyamatayo ali nazo, muwauze adokotala.

Tsono madzi aja n'chifukwa chake sanathandize. Khungu lakufa likamwa madzi limafufuma, ululu n'kuwonjezeka. Mafuta amafewetsa phula, koma chimbulu chimenechi sachisungunula. Nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, timitengo ta thonje tija, zonsezo zimangochitsendereza mkati ndi kusupula khungu. Madzi a masamba kapena a adyo, chonde ayi, chifukwa ng'oma ija mwina ili ndi bowo.

Pali matenda ena ofanana nawo, eee, amati cholesteatoma ya m'njira ya khutu. Amenewo amapezeka kwambiri kwa achikulire, khutu limodzi, ululu wake wapansipansi koma wosatha, mafinya onunkha, pomwe kumva akumva bwinobwino. Kusiyana kwake n'koti iwowa amadya fupa pamalo amodzi, ndiye ena amafunika kujambulidwa CT scan ndi opaleshoni. Mfundu wambiri, matenda a khungu otchedwa psoriasis ndi mafangasi nazonso zimadzaza khutu ndi timakoko, koma zimenezo chachikulu n'kuyabwa.

Chochita n'chiti? Mawa atenge buku lake la kuchipatala, apite ku health centre yanu ya ku Ndirande, afotokoze kuti watsukidwa kawiri osatheka, apemphe kalata yopita ku ENT, kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, ku Queens. Chotsimikizira matenda ndi kuona mkatimo ndi galasi lokuza. Amachotsa ndi kapaipi kokoka ndi tizipangizo ting'onoting'ono, khoko ndi khoko. Zikakhala zomatirira kwambiri salimbana nazo tsiku limodzi, amamuuza abwerenso, kapena amamugonetsa ndi mankhwala n'kuchotsa ku fiyeta. Musaope zimenezo, khungu la pafupa limapweteka kwambiri ndipo munthu akatekeseka akhoza kuvulala ng'oma. Akatero amapereka mankhwala odontheza oletsa kutupa ndi opha tizilombo. Ambiri amayambanso kumva nthawi yomweyo.

Apa mumvetsetse azakhali, zimabwereranso. Kuchotsa sikukonza kayendedwe ka khungu kaja. Ndiye akamupatsa tsiku lobwererako, kaya pakatha miyezi 3 kaya 6, apite ngakhale khutu lili bwino, azichotsa zisanalimbe.

Usiku uno amwe panado, mapiritsi 2 a 500 mg maola 6 aliwonse, asapyole mapiritsi 8 patsiku. Posamba atseke pakhomo pa khutu ndi thonje lopaka Vaseline, osalikankhira mkati. Koma mukaona pakamwa papotoka kapena diso likukanika kutseka, chizungulire, kutentha thupi, kapena patupa kuseri kwa khutu, musadikire kuche, pitani ku Queens pompo. Ndipo amalume aja a shuga, khutu likadzawapweteka n'kumatuluka mafinya, nawonso asamazengereze, kwa iwo matenda amalowa m'fupa msanga.

Mundiuze mawa akabwerako. Mugone bwino.