Mafunso a Owerenga: Chimagwetsa Makampani Aang'ono a Magemu N'chiyani?

Funso: Zikomo akonzi. Tilipo anayi kuno ku Area 25, Lilongwe, ndipo tikupanga gemu ya bawo ya pafoni ndi pakompyuta. Tikufuna kulembetsa kampani, koma timamva kuti makampani otere amatsekedwa ngakhale gemu yawo itayenda malonda. Vuto limakhala pati?

Yankho: Achimwene, zimene mwamvazo n'zoona. Kampani ya Mimimi Games ya ku Munich, ku Germany, inatchuka ndi gemu ya Shadow Tactics mu 2016, kenako Desperados III mu 2020. Mu Ogasiti 2023 inatulutsa Shadow Gambit, ndipo mwezi womwewo eni ake analengeza kuti akutseka. Anati mtengo wopangira magemu ukukwera kuposa phindu, komanso iwo anali atatopa.

Vuto lalikulu lili pakati pa gemu yoyamba ndi yachiwiri. Malipiro, lendi ndi intaneti zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pomwe gemu imagulidwa kwambiri masabata oyambirira okha, kenako malonda amazilala. Yoyamba ikayenda, ambiri amalemba antchito owonjezera n'kuyamba gemu yaikulu yotenga zaka ziwiri kapena zitatu. Ikachedwa miyezi isanu ndi umodzi, thumba lauma.

Ndalama yake si yonse imene imakufikani. Pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsira magemu a pakompyuta, mumalipira madola 100 pa gemu iliyonse, ndipo amakubwezerani ikagulitsa madola 1,000. Iwo amatenga 30 peresenti, choncho pa gemu ya madola 10 mumatsala ndi 7. Poti Malawi alibe pangano la misonkho ndi United States, pa zimene mwagulitsa kumeneko amadulanso msonkho wa 30 peresenti. Wogula akhozanso kubweza gemu pasanathe masiku 14 ngati sanaisewere kupitirira maola awiri. Ku Google Play kulembetsa ndi madola 25 kamodzi kokha, ku Apple ndi madola 99 chaka chilichonse. Zonsezi zimalipiridwa m'madola, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ife tikuti musafulumire kuchita lendi ofesi kapena kusiya ntchito zanu. Gwiritsani ntchito Godot, pulogalamu yopangira magemu yomwe ndi yaulere, ndipo gemu ikhale yopepuka kuti izitseguka pa mafoni otchipa komanso popanda bandulo. Mafayilo azisungidwa pa GitHub, malo a pa intaneti osungira mafayilo a mapulogalamu, tsiku lililonse, chifukwa laputopu ikawonongeka kapena ikabedwa, ntchito ya chaka imatha pomwepo.

Chimene timachiona chofunika koposa ndi pangano lolemba. Musanalembetse kampani, anayinu musainirane kuti khodi (malangizo olembedwa oyendetsa gemu), zojambula ndi nyimbo ndi za kampani, gawo la aliyense ndi lotani, ndipo wina akachoka zitha bwanji. Wojambula akachoka ndi zithunzi zake popanda pepalali, gemu simungaigulitsenso mwalamulo.

Wantchito woyamba mumulembe pokhapokha mu akaunti muli malipiro ake a miyezi 12.